Laputopu ili ndi ma graphics awiri, Intel ndi NVIDIA: ndingasankhe bwanji yoti izigwira ntchito?

wamakamera25 analemba:

Moni nonse a m'gulu muno. Ndabwera ndi nkhani ya laputopu yomwe yandisowetsa mtendere masabata awiri tsopano. Mundipirire, ndifotokoza motalika pang'ono kuti amene akudziwa asachite kundifunsa kawiri.

Ine ndimajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe, ndimakhala ku Area 25. Nthawi zina kwaya ikafuna vidiyo ya nyimbo zake ndimagwiranso. Zaka zinayi ndakhala ndikuedita pa kalaputopu kakale ka Core i3, komwe vidiyo ya ola limodzi ndinkaisiya ikurenda (kutulutsa vidiyo yomalizidwa) madzulo n'kudzaipeza m'mawa, ngati magetsi sanathime pakati pa usiku. Mwezi watha alamu anga amene amagwira ntchito ku Joni anandibweretsera ina yogwirapo kale ntchito, ndalama ndikuwabwezera pang'onopang'ono. M'kati mwake muli Core i5-9300H, RAM ya 8GB, SSD ya 256GB, Windows 11, ndipo pafupi ndi kiyibodi pali kasitika kobiriwira ka NVIDIA GeForce GTX 1650. Kasitika kameneka ndi komwe kanandivomeretsa ngongoleyo.

Vuto loyamba ndi ili. Ndikatsegula Task Manager, yoonetsa zomwe makina akuchita, ndikuona ma GPU awiri, tizipangizo tokonza zithunzi zooneka pa sikirini: GPU 0 ndi Intel UHD Graphics 630, GPU 1 ndi NVIDIA ija. Ndikamaedita mu pulogalamu ya Premiere Pro, mzere wa Intel ndi umene ukukwera ndi kutsika, wa NVIDIA uli phee pansi, nthawi zina 2%, nthawi zina 0%. Pamenepo vidiyo pa timeline ikudukizadukiza, makamaka ndikaika tizidutswa ta 4K tomwe abale a akwati amanditumizira kuchokera m'mafoni awo. Kurenda nako kwafulumirako ndithu poyerekeza ndi kale, koma osati mmene ndinkayembekezera. Ndiye mumtima ndimadzifunsa, kodi NVIDIA imeneyi ikugwiradi ntchito, kapena inafa kale mwini wake woyamba asanaigulitse?

Ndinaganiza zongochotsa Intel kuti makinawo asakhale ndi chosankha. Ndinalowa mu Device Manager, pa Display adapters, n'kudina Disable pa Intel. Sikirini inathima kamphindi. Itabwerera, zilembo zinali zikuluzikulu, mabatani ochepetsa kuwala anasiya kugwira ntchito, ndipo kusuntha windo kunali ngati kukoka thumba la chimanga pansi. Mtima unandigunda, poti ngongole ndalipirako gawo limodzi lokha. Ndinadinanso Enable, zonse zinabwerera m'malo mwake, koma mpaka pano sindikumvetsa chomwe chinachitika.

Vuto lachiwiri ndi batire, ndipo ili ndi lomwe landipweteka kwambiri. Magetsi akathima kunyumba, ngakhale ndikungosankha zithunzi kapena kulembera makasitomala pa WhatsApp, laputopu imatha moto pa ola limodzi ndi mphindi 20. Mafani akulira, mbali ya kumanzere kukutuluka mpweya wotentha, pamene sindikuchita chilichonse cholemera.

Loweruka lapitali ku holo, akwati anapempha kuti zithunzi za ubwana wawo zizioneka pa pulojekita nthawi ya perekaniperekani. Magetsi kunalibe, jenereta inali kunja, ndipo ekisitenshoni imodzi yomwe inafika m'kati inali itadzaza ndi zida za a DJ ndi pulojekitayo. Ndinati palibe kanthu, batire ndi lodzaza, zithunzi zokha sizingadye moto wambiri. Ndinalumikiza HDMI 2 koloko itangokwana. Isanakwane 3 koloko, a MC akuitana akuchimuna kuti abwere kutsogolo, chenjezo la batire linatulukira pa chinsalu chachikulu holo yonse ikuona, kenaka kunada. Mayi a mkwatibwi anatembenuka n'kundiyang'ana, sanayankhule kanthu. Zithunzizo anazisonkhanitsa okha, zina zinali za pepala zakalekale zomwe ndinachita kusikana chimodzichimodzi, ndipo theka lake anthu sanazione.

Tsono ndikupempha mundithandize. Ndingaiuze bwanji laputopuyi kuti poedita izigwiritsa ntchito NVIDIA, koma magetsi akathima izibwerera ku Intel? Pali batani kapena malo osinthira mu BIOS (menu ya makina yomwe umalowa Windows isanayake)? Ndipo n'chifukwa chiyani kuzimitsa Intel kunasokoneza zonse m'malo moti NVIDIA itenge malo? Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati wina ku Mponela, sindikufuna za tsiku lija zichitikenso.

mmisiri_wa_ku_limbe analemba:

Achimwene, pepani ndi za ku holo zija. Koma limbani mtima, mmene mwafotokozeramu NVIDIA yanu ndikukhulupirira kuti ndi yamoyo. Ikanafa, mu Device Manager mukanaona kachizindikiro kachikasu pambali pake, nthawi zambiri ndi Code 43, ndipo mu Task Manager sikanaonekamo n'komwe. Ndakhala ndikutsegula malaputopu zaka zambiri, ndipo zomwe munachita mu Device Manager anthu amandibweretsera pafupifupi mwezi uliwonse.

Choyamba mumvetse mmene mawaya anayendera m'kati. Pa malaputopu ambiri a mtundu wanu, waya wa sikirini umachokera ku Intel basi. NVIDIA ilibe njira yakeyake yofikira pa sikirini ya laputopuyo. Imagwira ntchito yolemera kuseri, ikamaliza chithunzi chilichonse imachipereka kwa Intel, Intel ndi imene imachiika pamaso panu. Njira imeneyi dzina lake ndi Optimus, NVIDIA anaiyambitsa mu 2010. Poti inu ndi a maukwati, tengani chonchi: NVIDIA ndi amayi ophika kuseri ndi miphika ikuluikulu, Intel ndi atsikana operekera mbale m'holo. Inu munathamangitsa operekerawo poganiza kuti ophika azibweretsa okha. Ophikawo khomo lolowera m'holo alibe. Windows itaona choncho inangogwiritsa ntchito driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) yake yongothandizira pangozi, Microsoft Basic Display Adapter, yomwe ntchito yonse imasenzetsa purosesa. N'chifukwa chake kuwala kunakana kusintha ndipo windo inkalemera. Musadzabwerezenso, Intel iyenera kukhala yoyaka nthawi zonse.

Ndiye mukaona GPU 0 ikutakataka musamadandaule. Ikupereka zithunzi ku sikirini, komanso ili ndi kachigawo kotchedwa Quick Sync komwe kamamasula mavidiyo a H.264 ndi HEVC, omwe ndi amene amatuluka m'mafoni ndi m'makamera ambiri. Kwa munthu woedita, Intel imeneyi ndi mnzanu. Chofunika n'chakuti NVIDIA nayo izipatsidwa gawo lake.

Chitani izi tchaja ili pakhoma. Pitani ku Settings, System, Display, tsikani pansi mpaka pa Graphics. Onjezani pulogalamu ya pa desktop, fufuzani mu C:\Program Files\Adobe, mufoda ya Premiere mupeza Adobe Premiere Pro.exe. Ikalowa pa mndandanda, idineni, musankhe High performance, pamenepo padzalembedwa dzina la GTX 1650 yanu. Muchite chimodzimodzi ndi Media Encoder ngati mumarendera kumeneko. Mukatero tsekani pulogalamuyo n'kuitsegulanso, chifukwa kusankhaku kumayamba kugwira ntchito pulogalamu ikamatsegulidwa.

Mavidiyo akale a pa YouTube adzakuuzani kuti mulowe mu NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, Preferred graphics processor. Malo amenewo alipobe, koma kuyambira 2020 zomwe mwasankha mu Settings ya Windows ndi zomwe zimapambana zikasemphana. Ndiye yambani ndi Windows.

Chachiwiri, ndipo ine ndikukayikira kwambiri pamenepa: m'kati mwa Premiere momwemo. Tsegulani File, Project Settings, General, muone pa Renderer. Payenera kulembedwa Mercury Playback Engine GPU Acceleration ya CUDA, yomwe ndi ya NVIDIA. Ngati palembedwa Software Only, ndiye kuti ngakhale Windows itayitana NVIDIA, Premiere siikuipatsa ntchito. Kenaka mu Edit, Preferences, Media, muone kuti hardware accelerated decoding ndi yochonga. Porenda H.264, pa Encoding Settings musankhe Hardware Encoding.

Poyesa musangoyang'ana nambala ya peresenti ija. Dinani GPU 1 mu Task Manager, muone pansi pa Dedicated GPU memory. Khadi lanu lili ndi 4GB yakeyake. Premiere ikatsegula ntchito n'kuona nambala imeneyo yakwera, dziwani kuti yalowa m'bwalo. Porenda yang'anani kabokosi ka Video Encode. Komanso kudula chabe vidiyo popanda ma effect sikuipatsa NVIDIA ntchito yambiri. Ikani Lumetri, sinthani mitundu, chepetsani 4K kukhala 1080p, pamenepo ndi pomwe mudzaione ikudzuka.

Driver nayo muione tsiku lake. Ngati ndi yakale kwambiri, tengani yatsopano pa webusaiti ya NVIDIA, ya Studio ndi imene anakonzera anthu a ntchito ngati yanu. Imaposa 500MB, ndiye mudikire bandulo ya usiku kapena mupeze Wi-Fi.

Chomaliza kwa lero: musayembekezere kurenda pa batire. GTX 1650 ya m'laputopu imatha kukoka mpaka mawati 50, purosesa yanu mawati 45. Batire silingapereke zonsezo, ndiye makina amadzichepetsa okha mphamvu mukangozula tchaja. Ndipo tchajayo muitembenuze muwerenge. Ndaonapo ambiri ogula zogwirapo kale ntchito atapatsidwa katchaja ka mawati 65 ka laputopu ya muofesi, pamene makina otere amafuna yoposa mawati 100. Ndi tchaja yaing'ono, batire limatsika uku mwalumikiza pakhoma.

mayi_wamapu analemba:

Bambo a ku Limbe afotokoza bwino za kuedita, ine ndionjezepo za batire, poti ndi nkhondo yomwe ndamenyapo. Ntchito yanga ndi ya mapu, ndimayenda m'midzi komwe soketi umaiona madzulo okha, mwinanso osaiona.

NVIDIA inapangidwa kuti izigona pamene palibe akuifuna. Ikagona siidya moto, mafani amakhala chete, laputopu imazizira. Koma pulogalamu imodzi yokha, ngakhale yaing'ono bwanji, ikaigwira, siigonanso. Mafani kulira inu mukungolemba pa WhatsApp ndi chizindikiro choti pali wina akuidzutsa. Ntchito yanu ndi kumupeza ameneyo.

Tsegulani NVIDIA Control Panel, pamwamba pali mawu oti Desktop, dinani pamenepo, muchonge Display GPU Activity Icon in Notification Area. Pafupi ndi wotchi padzabwera kachizindikiro. Kakakhala kotuwa, NVIDIA yagona. Kakakhala ndi mitundu, ili maso, ndipo mukakadina kamakuonetsani maina a mapulogalamu omwe aigwira. Mu Task Manager namo, pa Processes, dinani kumanja pamitu ya mizere muonjeze GPU engine, mudzaona pulogalamu iliyonse ngati ili pa GPU 0 kapena GPU 1.

Aliyense amene mwamupeza pa GPU 1 koma si wa ntchito yolemera, mumutengere ku Settings komwe bambo aja anena, mumuike pa Power saving. Browser, WhatsApp, pulogalamu yoonera mavidiyo, yoonera zithunzi, zonsezo Intel imazikwanitsa popanda thukuta. Kwa ine wakuba anali kapulogalamu koonetsa kutentha kwa GPU komwe ndinaika ndekha poganiza kuti ndikusamala makina. Kankafunsa NVIDIA kutentha kwake sekondi iliyonse, ndiye kufunsa komweko n'komwe kankailepheretsa kugona. Poti laputopu yanu inali ya munthu wina, muone pa Startup apps, mwina anasiyamo zotere. Muonenso mu Manage 3D settings ngati Power management mode anaiika pa Prefer maximum performance, anthu osewera magemu amakonda kutero.

Za ku holo zija, ndikuganiza kuti ndi HDMI. Pa malaputopu ambiri a magemu, sikirini yam'kati imapita ku Intel monga anenera, koma doko la HDMI linalumikizidwa ku NVIDIA mwachindunji. Mukangolowetsa waya wa pulojekita, NVIDIA imadzuka ndipo siigona mpaka mutazula, kaya mukuonetsa chithunzi chimodzi chosasuntha. Kuti mudziwe za yanu, mu NVIDIA Control Panel momwemo pitani pa tsamba la PhysX. Pali chojambula choonetsa madoko ndi chip yomwe doko lililonse lapitako. Ngati HDMI ili pansi pa GTX 1650, palibe setting yomwe ingasinthe zimenezo, ndi mawaya a pa bodi.

Ndipo batirelo muliyeze, lingakhale lotopa. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, idzakuuzani pomwe yasunga lipoti. Mufananize Design capacity ndi Full charge capacity. Yoyamba ndi mmene linalili likutuluka ku fakitale, yachiwiri ndi zomwe likutha kusunga lero.

dolo_wa_ku_joni analemba:

Akulu, bwanji osangolowa mu BIOS n'kuika Discrete basi? Yanga ndi ASUS, mu Armoury Crate muli GPU Mode: Eco, Standard, Ultimate ndi Optimized. Ndikaika Ultimate, imayambiranso, ikadzuka sikirini yapita ku NVIDIA mwachindunji, Intel yapuma. Ndikaika Eco, NVIDIA yazimiratu, batire limakhalitsa. Optimized imachita zomwe mukufunazo ndendende: pa tchaja NVIDIA ilipo, mukazula yazima yokha. A Lenovo Legion ali ndi Hybrid Mode mu Vantage. Fufuzani pulogalamu ya kampani yomwe inapanga yanuyo, mwina chilipo chofanana.

Kwa ena owerenga amene ali pa Ubuntu m'malo mwa Windows ngati ine ku ntchito, kumeneko ndi sudo prime-select on-demand, kapena intel, kapena nvidia, kenaka muyambitsenso makina. Pa on-demand, mukadina kumanja pa pulogalamu mu GNOME pamabwera mwayi woitsegula ndi khadi lamphamvulo. Lembani nvidia-smi kuti muone amene akuigwiritsa ntchito.

mmisiri_wa_ku_limbe analemba:

Adolo, zomwe mwanenazo ndi zoona pa makina anu, koma tisawasokoneze achimwenewa. Ultimate imatheka chifukwa pa bodi yanu pali kachip kotchedwa MUX switch, komwe kamasuntha waya wa sikirini kuchoka ku Intel kupita ku NVIDIA. Zatsopano zina zili ndi Advanced Optimus, zimasintha popanda kuyambitsanso. Koma kachip kameneka sikabwera ndi pulogalamu, kamayenera kukhalapo kuchokera ku fakitale. Malaputopu a GTX 1650 ndi purosesa ya m'badwo wa 9, a m'ma 2019, ambiri omwe ndatsegulapo alibe. Aone mu BIOS, kuona sikulakwa, koma akapanda kupeza asadabwe. Ndipo asakatenge BIOS yosinthidwa ya pa intaneti yomwe imalonjeza kutsegula ma menu obisika. Ndinalandirapo ina mwini wake atasankha Discrete mu menu yotere pa makina opanda MUX. Inkayaka, kiyibodi ikuwala, sikirini bii. Tinachita kuchotsa batire lalikulu ndi kabatire kakang'ono ka pa bodi ka CMOS kuti iiwale zomwe anasankhazo.

Chinanso, ngakhale ikanakhalapo, kwa woedita sindikanalangiza Ultimate. Pa makina ambiri Intel ikazimitsidwa mwanjira imeneyo, Quick Sync imapita nayo limodzi. Wosewera magemu amapindulako mafelemu angapo, koma wa mavidiyo a m'mafoni amataya womuthandiza.

wamakamera25 analemba:

Abale anga, zikomo kwambiri nonse. Dzulo magetsi anabwera 9 koloko usiku, ndinakhala pansi n'kutsata chimodzichimodzi mpaka 1 koloko. Ndikuuzeni zomwe ndapeza.

Bambo a ku Limbe, munalasa pamtima. Renderer inali pa Software Only. Ndazindikira chifukwa chake: ndili ndi project imodzi yomwe ndinakonza kalekale pa kalaputopu kakale kaja, muli kale logo yanga, nyimbo zoyambira ndi malembo a maina a akwati. Ukwati uliwonse ndimangokopa imeneyo n'kusintha dzina. Ndiye setting ya makina akale ndinasamuka nayo osadziwa. Nditasintha kuika CUDA, mizere yofiira yambiri pamwamba pa timeline inasanduka yachikasu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti ntchito yapepuka. Dedicated GPU memory inakwera kufika 1.6GB. Ndinarendanso chinkhoswe cha mphindi 48 chomwe sabata yatha chinatenga ola limodzi ndi mphindi 10. Dzulo chatha pa mphindi 17. Ndinachita kuitsegula vidiyoyo n'kuionera mpaka kumapeto poopa kuti mwina yadumpha zina, koma ili yonse, mawu ndi zithunzi zikugwirizana.

Tchaja ndaitembenuza, ndi ya mawati 135, ndiye kumeneko kulibe vuto. Mu BIOS mulibe chilichonse cha graphics, monga munanenera.

Mayi a mapu, kachizindikiro kaja nditangokayatsa kanali ndi mitundu, laputopu nditangoiyatsa kumene, ndisanatsegule kanthu. Nditakadina munali maina atatu: browser, WhatsApp, ndi kapulogalamu kena ka mwini wake woyamba koonetsa kutentha ndi liwiro la mafani, komwe kamadzitsegula kokha. Preferred graphics processor anaiika pa High-performance NVIDIA processor, Power management pa Prefer maximum performance. Ndabwezeretsa pa Auto-select, kapulogalamu kaja ndakachotsa, enawo ndawaika pa Power saving. Nditayambitsanso, kachizindikiro kanatuwa, ndipo koyamba chiigulireni ndinamva laputopuyi ili chete. Ndinachita kuika khutu pafupi ndi kiyibodi. Lero m'mawa magetsi atathima ndinaiyesa, kuwala ndinachepetsa kufika theka, yakhala maola awiri ndi mphindi 50.

Batire ndi lotopadi. Design capacity 57,000 mWh ndi kanthu, Full charge capacity 34,000 ndi kanthu. Ndipo pa chojambula cha PhysX, HDMI ili pansi pa GTX 1650. Ndiye tsiku lija ku holo zonse zinakumana: batire lotopa, NVIDIA ili maso pa mphamvu zake zonse, sikirini ya laputopu ikuwala mpaka kumapeto pamodzi ndi pulojekita. Tsopano ndamvetsa, ndipo mtima wakhalako pansi podziwa kuti si tsoka chabe.

Chatsala chimodzi. Tizidutswa ta 4K ta m'mafoni tikadali kudukiza, ngakhale pang'ono kusiyana ndi kale. Pa Memory mu Task Manager pakuonetsa 7.3 mwa 7.8GB Premiere ikakhala yotsegula, ndipo pansi palembedwa Slots used: 1 of 2. Kodi ndikapeza kandalama ndiyambe ndi RAM kapena batire? Zonse pakamodzi sindingathe, alamu akudikiranso zawo.

mmisiri_wa_ku_limbe analemba:

Ndakondwa kumva zimenezi, achimwene. Yambani ndi RAM, osaganizanso kawiri. Batire latsopano likupatsani maola ena pafupifupi awiri osankhira zithunzi, koma kuedita kwenikweni mumachita pa tchaja. RAM ndi yomwe ikukubwezani m'mbuyo pa ntchito yolipidwa.

Pali zifukwa ziwiri. 8GB yadzaza, ndiye Windows ikumakankhira zina pa SSD, kudukiza kwina n'komweko. Chachiwiri chikukhudza nkhani yathu ya ma graphics awiri: Intel ilibe memory yakeyake ngati NVIDIA, imabwereka ku RAM yomweyo. Muli ndi kamtengo kamodzi ka RAM, ndiye purosesa ndi Intel zikulimbirana msewu umodzi. Mukaika kachiwiri, imayamba kuyenda dual channel, misewu iwiri. Ndipo poti chithunzi chilichonse cha NVIDIA chimadutsa kwa Intel chisanafike pa sikirini, phindu lake mudzaliona ponseponse. Funani DDR4 SODIMM ya 8GB, 2666. Mupite ndi laputopuyo kwa wogulitsa, aiike pomwepo, muone ndi maso anu kuti Task Manager yalemba 16GB ndi Slots used: 2 of 2 musanapereke ndalama. Poti atsegula kale chivundikiro, awuzireni fumbi m'mafani ndi m'tizitsulo ta kumbuyo kwake. Fumbi la chilimwe limaundana pamenepo ngati kabulangete, ndipo chip ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha.

Pakadali pano gwiritsani ntchito ma proxy, salipira. Sankhani tizidutswa ta 4K mu Project panel, dinani kumanja, Proxy, Create Proxies. Premiere ikupangirani timakope topepuka toeditira, porenda imabwerera ku zenizeni. Musaiwale kuyatsa batani la Toggle Proxies pansi pa Program monitor, limachita kuonjezedwa podina kachizindikiro ka +. Mavidiyo a m'mafoni alinso ndi khalidwe lina, liwiro la mafelemu limasinthasintha m'kati mwa vidiyo imodzi. Kachidutswa kakamavuta kapena mawu akamathawana ndi milomo, kadutsitseni mu HandBrake, ndi yaulere, musankhe Constant Framerate.

Za pulojekita, palibe mankhwala ena koma soketi. Ngati pulojekitayo ili ndi doko la USB lowerenga zithunzi, mutha kuika pa flash laputopu n'kuisiya m'chikwama. Apo ayi, dinani Windows ndi P, musankhe Second screen only kuti sikirini ya laputopu ithime, mupulumutseko pang'ono.

wamakamera25 analemba:

Ndamva bambo, RAM ndiyamba nayo akangondilipira a chinkhoswe aja. Ma proxy ndayesa masana ano pa kavidiyo ka agogo a mkwati akuvina, kakuyenda bwinobwino tsopano.

Za Mponela ndaimbira kale wapampando wa komiti, ndawapempha kuti tebulo langa likhale pafupi ndi la a DJ. Ndagulanso ekisitenshoni yangayanga ya mamita 20, ili kale m'chikwama cha kamera pamodzi ndi tchaja. Zithunzi za banja la Loweruka lapita lija ndaziika kumayambiriro kwa vidiyo yawo, zonse 64, ndipo mawa ndikukapereka ndekha kwa mayi a mkwatibwi.